Mphoto za madayirekita za DGA: mmene mungazitsatire n'kuphunzirapo kutsogolera filimu

Chaka chilichonse, kuno kwathu mvula ili pakati, ku Los Angeles anthu otsogolera mafilimu ndi mapulogalamu a pa TV amakumana usiku umodzi kukalemekeza anzawo amene agwira ntchito yooneka m'chaka chapitacho. Eni mwambowu ndi bungwe la Directors Guild of America, mwachidule DGA. Ambirife timangomva za Oscar, poti ndiyo ili ndi phokoso. Koma munthu akandifunsa kuti ayambire pati kuphunzira udayirekita alibe sukulu, alibe ndalama, ine ndimamulozera ku DGA, chifukwa kumeneko ovota ndi anthu a ntchito yomweyo. Enafe tikamayamikira penti wa nyumba, mmisiri mnzake amakhala waona kale ngati khoma laongoka kapena lapendama.

Njira imene ndikufotokoza pano ndi imene timatsata ndi achinyamata a gulu lathu la zisudzo. Imafuna kope, cholembera, foni, ndi kudekha.

Yambani ndi kudziwa eni mwambo

Bungweli linayamba mu 1936 ndi dzina loti Screen Directors Guild, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali King Vidor. Mu 1960 linaphatikizana ndi bungwe la otsogolera mapulogalamu a pa wailesi ndi pa TV, n'kutenga dzina limene lili nalo lero. Mamembala ake tsopano ndi oposa 19,000. Mphoto ya pachaka inayamba ndi mafilimu a 1948, ndipo woyamba kuilandira anali Joseph L. Mankiewicz.

Musaiwale kuti DGA kwenikweni ndi bungwe la anthu apantchito, lomenyera malipiro ndi ufulu wa mamembala ake. Mphotoyi ndi mphukira chabe ya ntchito imeneyo. Mwachitsanzo, m'mapangano amene bungweli limasainirana ndi makampani, dayirekita wa filimu yaikulu amapatsidwa masabata 10 oti alumikize zithunzi zake mmene iye akufunira, mwini ndalama asanalowererepo. Limalimbikiranso kuti filimu imodzi ikhale ndi dayirekita mmodzi, kupatula anthu awiri odziwika kuti amagwirira ntchito pamodzi nthawi zonse, monga abale aja Joel ndi Ethan Coen amene analandira mphotoyi limodzi mu 2008. Mukadziwa zimenezi mumvetsa chimene ovota amafunafuna: filimu imene ukaiona umazindikira kuti pali munthu mmodzi amene anadziwa kumene akupita, kuyambira shoti yoyamba (chithunzi chimodzi chojambulidwa mosadukiza) kufikira yomaliza.

Lembani nyengo yake m'kope

Mayina a opikisana amatuluka kumayambiriro kwa Januwale, ndipo mwambo weniweni kawirikawiri umachitika Loweruka lina mu Febuluwale, milungu ingapo Oscar isanafike. Nyengo imeneyi Los Angeles imatsalira ndi maola 10 poyerekeza ndi nthawi ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Choncho iwo akamakhala pansi 7 koloko madzulo, kuno imakhala 5 koloko m'mawa wa Lamlungu. Musadzivutitse kuchezera. Mwambowu suulutsidwa ngati wa Oscar, ndipo zotsatira mudzazipeza pa webusaiti ya bungweli, dga.org, mukamachoka kutchalitchi. Tsiku lofunika kwa inu ndi la mu Januwale lija, pamene mndandanda watuluka.

Koperani mayina onse asanu

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amadikira kumva wopambana, n'kulemba pa Facebook kuti "ndimadziwa ine", nkhani n'kuthera pompo. Pa mafilimu aakulu opikisana amakhala asanu, ndipo aliyense mwa iwo amapatsidwa mendulo yake pamwambopo, chifukwa kungolowa m'gulu la asanuwo ndi ulemu kale. Lembani onse asanu: dzina la dayirekita, dzina la filimu, ndi mzere umodzi wonena kuti nkhani yake ndi yotani.

Ubwino wa mndandandawu ndi woti mafilimu ake safanana. Mupeza ina ya nkhondo yodya ndalama zosaneneka, ina ya anthu atatu okhala m'nyumba imodzi. Kuika ziwirizi pambali n'pambali kumaphunzitsa kuposa kuonera yopambana yokha kasanu.

N'zoona kuti wopambana DGA nthawi zambiri amakatenganso Oscar ya dayirekita. Pa zaka zoposa 70, kusiyana kwachitika kosakwana 10. Koma nthawi zimene anasiyanazo ndi zimene zili ndi phunziro. Steven Spielberg analandira DGA pa filimu ya 1985 ya The Color Purple, pamene ku Oscar dzina lake silinalowe n'komwe pa mndandanda wa madayirekita. Zomwezo zinamuchitikira Ron Howard pa Apollo 13, ndi Ben Affleck pa Argo mu 2013. Mu 2020 DGA inapita kwa Sam Mendes, Oscar n'kupita kwa Bong Joon-ho wa ku South Korea. Chifukwa china ndi choti magulu ovota ndi osiyana. Ku DGA amavota mamembala onse, kuphatikizapo a pa TV ndi othandizira madayirekita. Ku Oscar mayina asanu amasankhidwa ndi kagulu kochepa ka madayirekita, kenako wopambana amasankhidwa ndi onse: azisudzo, olemba, oimba, osoka zovala. Mukapeza chaka chotero, onerani mafilimu onse awiri n'kuweruza nokha.

Pezani filimu yomveka bwino

Simungathe kupeza onse asanu, ndipo bandulo ndi yodula. Awiri akukwana. Ena amafika pa Netflix kapena pa DStv patapita miyezi, ndiye palibe cholakwika kuphunzira ndi mndandanda wa chaka chatha kapena wa zaka khumi zapitazo. Makampani eni mafilimu amaikanso zigawo zina pa YouTube kwaulere, ndipo pa ntchito yathuyi chigawo cha mphindi zitatu ndi chuma.

Pewani makope aja ojambulidwa ndi foni m'nyumba ya kanema. Kupatula kuti ndi kuba thukuta la ena, kuwala kwake ndi mawu ake zimakhala zitaonongeka, ndiye mungaphunzire zabodza. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa a m'mavidiyo sho nawonso, ngakhale amatisangalatsa, pano sathandiza. Womasulira amalankhula pamwamba pa chilichonse, ngakhale pamene dayirekita anafuna kuti pakhale zii.

Onerani katatu

Pano ndiye pagona ntchito yonse, ndipo ndikupemphani musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ulendo woyamba onerani ngati munthu wamba. Kope likhale lotseka. Sekani, dandaulani, itengeni mtima. Ikatha, lembani malo amodzi okha pamene munamva kanthu m'thupi: pamene munagwira mpweya, pamene misozi inalengeza, pamene munakwiya. Chigawo chimenecho ndicho mudzagwirepo ntchito.

Ulendo wachiwiri bwererani pa chigawo chomwecho, mutseke mawu onse. Poyamba zimaoneka zachilendo, koma posakhalitsa maso amatseguka. Dzifunseni: popanda kumva liwu lililonse, kodi ndikudziwa amene ali ndi mphamvu m'chipindamu? Ndadziwa bwanji? Mwina wina waima pamene mnzake wakhala. Mwina wina ali pafupi ndi khomo, wina wapanikizidwa pakona. Mwina nkhope ya wina ili poyera, ya mnzake theka lili mumdima. Zonsezi sizinangochitika. Pali munthu amene anati "iwe ima apa, iwe usadzuke mpaka iye atatembenuka". Ameneyo ndiye dayirekita, ndipo ntchito yake yaikulu ndi imeneyi, kuika anthu pamalo ndi kusankha chimene ife tione.

Ulendo wachitatu muziimitsa filimu paliponse pamene chithunzi chasintha. Shoti iliyonse ipatseni nambala m'kope, ndipo pambali pake mulembe zinthu zinayi: kamera ili kutali kapena pafupi, yaima kapena ikuyenda, ikuyang'ana ndani, ndipo yakhala masekondi angati. Jambulani timabokosi ndi tianthu ta timitengo, luso lojambula silikufunika. Chigawo cha mphindi zitatu chikhoza kukudyerani ola lathunthu. Mukamaliza, yang'anani kuti shoti yoyandikira kwambiri nkhope yabwera pati. Nthawi zambiri mupeza kuti dayirekita anaisunga, sanaimwaze pachiyambi, anadikira mpaka pa mawu amene akutembenuza nkhani.

Chinthu china chimene kope lidzakuonetsani n'chakuti kamera sithamangira wolankhula nthawi zonse. Ine ndinachiphunzira mochedwa. Tinajambulapo chigawo cha ankhoswe akukamba mlandu wa banja pakhonde. Malume a mwamuna ankalankhula bwino zedi, mawu okuluwika ali mbwee, ndiye kamera yanga inakakamira pa iwo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Titakaonera pa kompyuta, chigawo chinali chozizira ngati phala la dzulo. Mtsikana amene ankasewera ngati mkazi wa m'banjamo anandiuza mwaulemu kuti, "Achimwene, nthawi yonse ija ine ndimapotokola nsonga ya chitenje, simunaone?" Sindinaone. Nkhani yonse inali m'manja mwa mayi wokhala chete pamphasa uja, amene ankamva akulu akugamula za moyo wake. Tinabwerera Loweruka lotsatira kukajambula manja okhawo ndi nkhope yake, ndipo chigawo chinadzuka.

Mukatha katatuko, tsekulaninso mawu, koma ulendo uno mutseke maso. Mverani zimene zili kuseri kwa zolankhula: chitseko, mphepo, galu wouwa patali, ndi pamene nyimbo yalowa. Mudzadabwa kuti m'zigawo zambiri zoswa mtima mulibe nyimbo n'komwe. Ife timakonda kuthira piyano paliponse pamene munthu akulira, ngati tikuopa kuti oonera sazindikira kuti pali chisoni.

Werengani mayina a m'munsi

Pa webusaiti ya DGA, pansi pa dzina la dayirekita aliyense wopikisana pamalembedwa anthu ena: woyang'anira ndalama ndi kayendedwe ka ntchito yojambula, wothandizira dayirekita woyamba, wothandizira wachiwiri. Mphoto ya DGA imalemekeza gulu lonseli, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene ndimaikondera. Mutu umodzi susenza denga.

Wothandizira woyamba ndi amene amagawa sikiripiti m'masiku, kudziwa kuti mawa tijambula zigawo ziti, akufunika ndani, nthawi yanji. Ndi amene amakuwa kuti anthu akhale chete, ndi amene amayang'ana dzuwa n'kunena kuti kwatsala ola limodzi. Wachiwiri amalemba pepala la tsiku lotsatira ndi kuonetsetsa kuti azisudzo afika, avala, akonzeka. Kwathu kuno dayirekita yemweyo ndiye amagwira kamera, kuimbira foni wazisudzo amene wachedwa pa minibasi, kukagula mafuta a jenereta, n'kukapepesa kwa mwini nyumba. Pofika nthawi yoti auze munthu mmene ayendere, mutu watopa kale. Ngakhale mulibe ndalama, pezani mnzanu mmodzi wosunga nthawi, wosachita manyazi kukumbutsa akuluakulu, mumupatse kope ndi wotchi. Tsiku loyamba lomwelo mudzaona kusintha.

Amvereni eni ake akulankhula

Mwambo usanachitike, opikisana asanu aja amakhala pamodzi pa zokambirana zotchedwa Meet the Nominees, n'kumafunsidwa mafunso a ntchito: unasankha bwanji azisudzo, mumayeserera masiku angati, tsiku lovuta linali liti. Bungweli lilinso ndi pulogalamu yomvera pa intaneti yotchedwa The Director's Cut, mmene dayirekita amafunsidwa ndi dayirekita mnzake. Ya mawu okha sidya bandulo kwambiri, mukhoza kuikopera pamene mwapeza netiweki yabwino n'kumamvera mukuchapa.

Koma tsatani dongosolo ili: yambani mwaonera ndi kulemba maganizo anu, kenako mumvere mwini wake. Mukayamba ndi iye, mudzangoona zimene wakuuzani. Chingerezi chawo chikathamanga, mverani awiriawiri, muziimitsa n'kufotokozerana m'Chichewa. Pofotokozera mnzako m'pamene umadziwa ngati wamvadi.

Musanyoze magawo ang'onoang'ono

Nyuzipepala zimangolemba za filimu yaikulu, koma usiku womwewo pamaperekedwa mphoto za masewero a pa TV okhudza mtima, oseketsa, nkhani zoona zojambulidwa, mapulogalamu a ana, ngakhale zotsatsa malonda. Pa masewero a pa TV chimene chimapikisana ndi gawo limodzi, osati sewero lonse, ndiye muli ndi ola limodzi lokha loti muphunzire. Dayirekita wa pa TV amagwira ntchito mothamanga, masiku ochepa, pamalo omweomwewo, ndi azisudzo amene anawapeza kale. Moyo umenewu ndi wofanana kwambiri ndi wathu kuposa wa filimu ya ndege zophulika. Zotsatsa malonda nazo zimaphunzitsa kunena nkhani yathunthu m'masekondi 30 kapena 60, ndipo ambiri ojambula kuno chakudya chawo chimachokera kumeneko.

Gawo limene ndimalikonda kuposa onse ndi la filimu yoyamba ya dayirekita, limene linayamba ndi mafilimu a 2015 ndipo tsopano limatchedwa ndi dzina la malemu Michael Apted, amene anakhalapo mtsogoleri wa bungweli. Jordan Peele analandira mphoto imeneyi mu 2018. Mu 2020 Mati Diop analowa pa mndandandawu ndi Atlantics, filimu yojambulidwa ku Dakar, anthu ake akulankhula Chiwolofu. Mafilimu a m'gawoli ndalama zake zimakhala zochepa, ndipo mumaona munthu akulimbana ndi mavuto amene inunso mumawadziwa.

Chilankhulo si chotchinga ngakhale pa mphoto yaikulu. Ang Lee anaitenga ndi filimu ya 2000 yolankhula Chitchaina. Alfonso Cuarón anaitenga mu 2019 ndi Roma, nkhani ya mtsikana wantchito ya m'nyumba ku Mexico, ya zithunzi zakuda ndi zoyera, ndipo amene anasewera ngati mtsikanayo, Yalitza Aparicio, anali asanasewerepo m'filimu. Kwa alongo athu amene amauzidwa kuti malo awo ndi kutsogolo kwa kamera basi: zinatenga zaka zoposa 60 kuti mayi apambane mphoto yaikuluyi, mpaka Kathryn Bigelow mu 2010. Kenako Chloé Zhao mu 2021 ndi Jane Campion mu 2022 anatsatizana.

Tengani foni mukajambule

Kope lodzaza silipanga dayirekita. Mlungu usanathe, tengani timabokosi mwajambula tija, mulembe nkhani yanuyanu ya tsamba limodzi, ya kwanu, ya anthu awiri. Mwana wabwera ndi zotsatira za mayeso, bambo akusenda chimanga. Wobwereketsa ndalama wafika pakhomo m'mamawa. Musabe nkhani kapena mawu a filimu ija. Chimene mukubwereka ndi kaganizidwe: ndani waima, ndani wakhala, kamera iyandikira liti.

Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, dzuwa la masana limabisa maso m'mithunzi. Foni ikhale chopingasa, yokhazikika pa mpando kapena pa njerwa. Foni yachiwiri ibiseni pafupi ndi olankhula kuti itole mawu, ndipo muombe m'manja kamodzi poyamba kuti polumikiza musavutike. Anthu awiri akamayang'anizana, yerekezani kuti pali chingwe chochoka pa wina kufika pa mnzake, ndipo kamera isadumphe chingwecho. Mukachidumpha, pa kanema adzaoneka ngati onse akuyang'ana mbali imodzi.

Mukalumikiza, onetsani anthu atatu amene sanaliko, mawu mutatseka. Afunseni kuti chachitika n'chiyani. Akanena zoyandikira, mwayamba. Akasowa chonena, bwererani ku kope mukaone pamene munasiyana ndi mphunzitsi wanu.

Nanga filimu yanu mungaitumize kuti?

Ku DGA kumalowa ntchito zimene zaonetsedwa ku America, ndiye si khomo loyamba kugogoda. Makomo apafupi alipo. Africa Movie Academy Awards inayamba mu 2005, ndipo Africa Magic Viewers' Choice Awards, ya ku Lagos, inayamba mu 2013. Zonse ziwiri zili ndi mphoto ya dayirekita. Ku Africa Magic, Joyce Mhango Chavula anapambana mu 2016 pa gawo la filimu yabwino ya kumwera kwa Africa, ndipo Shemu Joyah anatenga mphoto yomweyo mu 2018. Kuli chikondwerero cha mafilimu cha ku Zanzibar chaka ndi chaka, ndi FESPACO ya ku Ouagadougou imene inayamba mu 1969 ndipo imachitika pakapita zaka ziwiri zilizonse. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, analandira BAFTA, mphoto ya mafilimu ya ku Britain, pa filimu yake yoyamba mu 2018, ndipo mu 2024 anapatsidwa mphoto ya udayirekita m'gawo la Un Certain Regard pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France.

Musanatumize kulikonse, werengani malamulo a chaka chimenecho mpaka kumapeto, makamaka za tsiku lotsekera ndi za nthawi imene filimu iyenera kukhala itatuluka. Zikondwerero zina sizilandira filimu imene ili kale pa YouTube, ndiye musafulumire kuiika. Mawu a Chingerezi olembedwa pansi pa chithunzi apatseni munthu wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, ndipo wina awawerengenso. Nyimbo iliyonse imene mwaika ikhale ndi chilolezo cholembedwa cha mwini wake, ngakhale ali msuweni wanu. Azisudzo onse asaine pepala lovomera. Sungani zithunzi zabwino zisanu za pamalo ojambulira, chidule cha nkhani cha mizere itatu, ndi mbiri yanu yaifupi. Zikondwerero zambiri zimalandira kudzera pa webusaiti ya FilmFreeway, ndipo zina zimafuna ndalama yolowera m'madola, choncho funsani msanga ngati pali kuchotsera kwa ochokera kumayiko athu. Filimu yeniyeniyo isungeni malo awiri osiyana, imodzi kunyumba kwanu, ina kwa mnzanu uja wa kope ndi wotchi.